MACEZA A PABWALO: Amphaka Olowa Chire ndi Ngwazi Zakale za Nkhonya

Sabata ino kuofesi kwathu kwafika kalata yocokera kwa mkulu wina wa m'boma la Katete, mlimi wa cimanga ndi nshawa amenenso aweta nkhuku ndi nkhunda. Kalatayo ili ndi masamba awiri. Patsamba loyamba akuluwa adandaula kuti amphaka olowa chire awathera anapiye, ndipo afunsa ngati nkwabwino kuthira mankhwala akupha m'nyama kuti amphakawo atheretu usiku umodzi. Patsamba laciwiri aiwala za anapiye, nafunsa ngati ife anyamata a kunyuzipepala tidziwako maina a Dick Tiger ndi Marvin Hagler, amene iwo anali kumva mbiri yao pa wailesi masiku amene anali kugwira nchito ku migodi. Popeza akulu akafunsa sayankhidwa theka, tiyankha zonse ziwiri, ndipo tiyambira pa anapiye, pakuti ndiwo ndiwo za mawa.

Coyamba tiyeni tisiyanitse nyama ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Vumbwe ndi nyama ya m'chire cibadwire, ya miyendo yaitali ndi ubweya wotuwa, ndipo kuseri kwa makutu ake nkofiirira. Amakhala yekhayekha, amaopa munthu, ndipo cakudya cake cacikulu ndi mbewa za kumunda. Mphaka wolowa chire ndi cona wathu yemweyu wa pakhomo, kapena mwana wake, amene anasowa womusamala nayamba kudzifunira yekha. Iyeyu ndiye woopsa ku khola, cifukwa mudzi amaudziwa bwino, fungo la munthu silimuthawitsa, ndipo adziwa pamene thadzi la anapiye limagona. Akatswiri a zinyama anapeza kuti amphaka onse oweta a pa dziko lapansi anacokera ku mtundu wa vumbwe wa mu Africa ndi ku Middle East, ndipo kufikira lero awiriwa akakumana amabalana. Cotero kumene amphaka otayidwa aculuka, vumbwe weniweni amanka nasowa, pakuti magazi ake asakanizika.

Tsono amphaka amenewa sagwa kumwamba pamodzi ndi mvula. Banja likasamuka limanyamula miphika, mphasa ndi mbuzi, koma cona limamusiya pabwinja. Cona akaswa ana, mwini nyumba amawaika m'thumba nakawataya kudambo kapena pafupi ndi msika, poganiza kuti wacita cifundo posawapha. Enanso amakulira kuseri kwa makhichini a masukulu ogonera komweko ndi kumashedi a cimanga, kumene zotsala ndi makoswe sizisowa. Mphaka wamkazi angathe kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6 cabe, bere lake limatenga milungu 9, ndipo pa caka angaswe kawiri kapena katatu, ana 3 kufikira 5 nthawi iliyonse. Mwana wa Giredi 7 angawerengere yekha kuti thumba limodzi lotayidwa kudambo lidzakhala ciani pakapita zaka zitatu.

Agogo athu analibe mankhwala a m'sitolo, koma nkhaniyi anali kuidziwa. Khola la nkhuku linali kumangidwa m'mwamba pa mitengo, ndipo khomo lake linali kutsekedwa dzuwa likangolowa. Nkhunda zinali ndi nyumba yao pa nsanamira zazitali. Thadzi la anapiye linali kuvundikiridwa ndi dengu usiku, mwala pamwamba. Cona wa pakhomo anali mmodzi kapena awiri, anali kupatsidwa mkute ndi mitu ya nsomba kuti asaiwale kwao, ndipo ana ake anali kugawidwa kwa abale ofuna mlonda wa nkhokwe. Amene wazolowera kugwira nkhuku anali kucheredwa msampha pa njira yake yeniyeni, iye yekha wolakwayo. Njira zimenezi zinali zocedwa ndipo zinali kufuna munthu wodzuka usiku, koma sizinali kupha galu wa mnansi.

Kuti akuluwa aone kukula kwa nchito yothetsa amphaka, tiwatengere kutali, ku cisumbu ca Marion. Cisumbuci ndi ca dziko la South Africa, ndipo cili pakati pa nyanja yozizira, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kumwera cakum'mawa kwa Cape Town. Kulibe mitengo, kulibe midzi. Kuli mphepo, mvula, matope ndi mbalame za m'nyanja zosawerengeka zimene zimabwera kudzaikira mazira. Kuyambira 1948 boma la South Africa limasungako anthu owerengeka opima nyengo. Anthuwa anavutika ndi mbewa za m'nyumba, zazing'ono zija zoboola matumba, zosiyana ndi zathu za kumunda zimene timakumba ndi kuwamba, ndipo mu 1949 anabweretsa amphaka 5 kuti awathandize. Akulu anati walira mvula walira matope. Mu 1951 mphaka woyamba anaoneka akuyenda yekha kutali ndi nyumba za anthu aja, ndipo pofika 1977 ciwerengero ca amphaka cinali pafupifupi 3,400.

Coipa cinali cakuti amphakawo mbewa sanali kuzilabadira kwenikweni, cifukwa anapeza cakudya cosavuta. Pa cisumbupo pali mbalame zochedwa petrel, zimene zimakumba una pansi ndi kuikiramo dzira limodzi cabe pa nyengo yoswa. Mbalamezi zinali zisanaonepo nyama ya miyendo inai yozidya, kotero sizinali kudziwa kuthawa. Akatswiri anawerengera kuti ca m'ma 1975 amphaka anali kupha mbalame pafupifupi 450,000 caka ciliconse, ndipo mtundu wina wa petrel unalekeratu kuswa pa cisumbupo.

Nkhondo inayamba mu 1977. Anagwira amphaka ena, kuwapatsa matenda a amphaka ochedwa panleucopenia, ndi kuwamwaza pa cisumbu conse. Matendawa anasesa ndithu, ndipo pofika 1982 panatsala amphaka ngati 600. Apa mpamene munthu wosaleza mtima akanaomba m'manja nkupita kwao. Koma otsalawo anali aja amene matupi ao anapirira matendawo, ndipo anayambanso kuswana. Mu 1986 anatumiza alenje, magulu 8 a anthu awiriawiri, oyenda usiku ndi nyali zowala kwambiri ndi mfuti, mumphepo yozizira ndi m'matope. Caka coyamba anapha mazanamazana. Zaka zotsatira ophedwa ananka nacepa ngakhale kuti amphaka anali asanathe, pakuti otsala anali aja ocenjera, amene akaona kuwala kwa nyali anali kubisala. Pamenepo anaonjeza misampha yambirimbiri, ndipo potsiriza anamwaza anapiye akufa othiridwa ululu wochedwa 1080. Amphaka otsiriza anagwidwa mu 1991. Kucokera pa kubwera kwa amphaka 5 aja panapita zaka 42, ndipo nkhondo yokhayo inatenga zaka 14. Taonaninso kuti ululu unabwera pamapeto penipeni, m'manja mwa akatswiri, pa cisumbu copanda mwana, galu, nkhumba kapena mbuzi.

Ndipo mbewa zija zimene anaitanira amphaka zikalipo. Nyengo ya pa cisumbupo yakhala ikufunda ndi kuuma, mbewa zaswana kwambiri, ndipo zitacepetsa tizilombo ta m'nthaka zinayamba kudya ana a mbalame zazikulu zochedwa albatross ali amoyo m'zisa, cinthu cimene cinaonedwa koyamba mu 2003. Boma la South Africa pamodzi ndi bungwe la BirdLife South Africa anakhazikitsa nchito yochedwa Mouse-Free Marion, yofuna kumwaza nyambo ya ululu ndi mahelikopita pa cisumbu conse. Ku cisumbu ca Macquarie ca dziko la Australia nako zinavuta mwa njira ina: mphaka wotsiriza ataphedwa mu 2000, akalulu amene amphakawo anali kudyako anaswana nadya zomera kufikira mapiri anayamba kugumuka, ndipo panafunika ndalama zankhaninkhani kuti mu 2014 alengeze kuti akalulu, makoswe ndi mbewa zatha.

Yankho lathu kwa akulu a ku Katete ndi lakuti mankhwala akupha awaleke. Nyama yothira ululu sisankha pakamwa: aidya galu, aidya nkhumba, aitola mwana wokwawa. Khoswe wakufa ndi ululu akadyedwa ndi kadzidzi kapena kabawi, nayenso amafa, ndipo kadzidzi, ngakhale ambiri timamunenera zaufiti, ndi mlonda wa nkhokwe wosalipidwa amene amagwira makoswe usiku wonse. Ndiponso mudzi si cisumbu cozingidwa ndi nyanja. Mukathetsa amphaka onse a m'dera lanu sabata ino, mwezi wamawa adzafika ena ocokera kumudzi woyandikana, ndipo pakati apo makoswe adzakhala atavina ukwati m'nkhokwe.

Cofunika ndi kutseka kumene amphakawo amacokera ndi kumene amadyera. Khola likwezedwe ndi kuchingidwa ndi waya wa maso ang'onoang'ono, miyendo ya nkhokwe ivekedwe malata opinda ngati cipewa kuti makoswe asakwere, ndipo zotsala za cakudya zikwiriridwe. Cona wamphongo angathe kufulidwa, wamkazi angatsekedwe kubala ndi dokotala wa ziweto. M'mizinda yambiri ya ku Britain ndi America amagwira mphaka wosowa mwini, kumufula, kumudula kansonga ka khutu kuti adziwike, ndi kumubwezera kumene anamutenga. Kwa ife akumidzi dokotala wotere ali kutali, ncifukwa cake mfumu ndi anthu ake angacite bwino kufunsa ofesi ya za ziweto ya paboma asanacite kanthu. Ndipo cinthu cimodzi tisaciiwale: mphaka angathe kutenga ciwewe. Ngakhale kuti anthu ambiri amacitenga kwa agalu, wolumidwa kapena wokalidwa ndi mphaka wa m'chire atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti bala litupe. Ciwewe cikayamba kuonekera m'thupi, mankhwala palibe.

Tsopano titembenuze tsamba la kalata. Maina amene akuluwa achula ndi a gulu la nkhonya lochedwa middleweight, ndiko kuti gulu la pakati, la amuna osapitirira mapaundi 160, amene ali makilogalamu 72 ndi theka. Ndi thupi la mwamuna wamba wa kumunda, wolemera pafupifupi thumba limodzi ndi theka la cimanga. Okonda nkhonya ambiri amati gulu limeneli ndilo lokoma kupenya, cifukwa anthu ake ali ndi liwiro la opepuka pamodzi ndi nkhonya yogwetsa ya olemera. Masiku amenewo nkhonya yolimbirana lamba wa dziko lonse inali ya ndime 15, zimene anyamata amati maraundi, ndime iliyonse mphindi 3 ndi kupuma kwa mphindi imodzi. Ife a zaka za m'ma 30 tinazionera pa mafilimu akale ndi pa mafoni, ndipo tikhoza kuwatsimikizira akuluwa kuti mainawo sanaiwalike.

Sitingayambe ndi wina koma Sugar Ray Robinson wa ku America, amene anatenga lamba wa gululi kasanu. Iye ndi Jake LaMotta anamenyana kasanu ndi kamodzi pakati pa 1942 ndi 1951. LaMotta, munthu wamfupi wa mutu wouma ngati mwala wa mphero, ndiye anali woyamba kumugonjetsa Robinson mu 1943, koma zina zisanu zonse anapambana Robinson. Yotsiriza inacitikira ku Chicago pa 14 Febuluwale 1951, caka comweco cimene mphaka woyamba wa pa Marion analowa chire. Ndime zoyamba zinali zolingana, koma LaMotta, amene anavutika kutsitsa thupi kuti akwane pa sikelo, anatha mphamvu, ndipo Robinson anamumenya ngati ng'oma kufikira woyang'anira analetsa mu ndime ya 13. Nkhope ya LaMotta inali yosazindikirika, koma pansi sanagwe. Mu Julayi caka comweco Robinson analandidwa lambayo ku London ndi Randolph Turpin, ndipo patapita masiku 64 anaulandanso ku New York. Mu Juni 1952 anafuna kukwera ku gulu lolemera kuposa lake, nakumana ndi Joey Maxim usiku wotentha pafupifupi madigiri 40, ngati Okutobala wa ku cigwa ca Luangwa. Woyang'anira nkhonyayo ndiye anayamba kulefuka, nalowa wina m'malo mwake. Robinson anali patsogolo pa mapointi, koma analephera kunyamuka pa mpando kuti ayambe ndime ya 14. Pa nkhonya zake pafupifupi 200, imeneyi yokha ndiyo sanaimalize.

Koma ife a mu Africa wathu ndi Dick Tiger. Dzina lake la kwao linali Richard Ihetu, ndipo anabadwa mu 1929 ku Amaigbo, kum'mawa kwa Nigeria. Mu 1955 anapita ku Liverpool kukafuna mwai, ndipo nkhonya zake zinai zoyamba za ku Britain analuza zonse. Wina akanamanga katundu nkubwerera kumudzi. Iye anakhala, naphunzira kamenyedwe ka kumeneko, ndipo mu 1958 anatenga lamba wa maiko a mu ufumu wa Britain. Anali munthu wamfupi, wa cifuwa cacikulu, wosadziwa kubwerera m'mbuyo, ndipo nkhonya yake yoopsa inali ya dzanja lamanzere yobwera cam'mbali. Pa 23 Okutobala 1962 ku San Francisco anagonjetsa Gene Fullmer pa mapointi pambuyo pa ndime 15, nakhala ngwazi ya dziko lonse. Atabwereza ku Las Vegas analingana mphamvu, ndipo yacitatu inacitikira kwao kwa Tiger, m'bwalo la Liberty ku Ibadan, pa 10 Ogasiti 1963. Fullmer sanathe kupitirira ndime ya 7. Apa nkuti kudakali zaka 11 kuti Muhammad Ali ndi George Foreman adzakumane ku Kinshasa, ndipo ife kuno tinali tisanalandire ufulu. Tingoganiza mmene zinamvekera m'makomboni a ku migodi kuti ngwazi ya dziko lonse ndi munthu wakuda wa mu Africa muno, ndipo lamba wake wamuteteza pa nthaka ya makolo ake.

Tiger analandidwa lambayo ndi Joey Giardello kumapeto kwa 1963, naulandanso mu 1965. Atautaya kwa Emile Griffith mu 1966 anakwera gulu, ndipo mu Disembala caka comweco anagonjetsa José Torres natenga lamba wa light heavyweight, ngakhale kuti pa gulu limenelo iye anali wamng'ono thupi. Mapeto ake ndi omvetsa cisoni. Nkhondo ya Biafra itabuka mu 1967 anaima ndi anthu akwao, cuma cake cambiri cinatayika, ndipo mendulo ya ulemu imene Britain inamupatsa anaibweza. Atasiya nkhonya anagwira nchito ya ulonda m'nyumba yosungiramo zakale ku New York. Anamwalira kwao ku Nigeria mu Disembala 1971 ndi khansa ya ciwindi, ali ndi zaka 42.

Za Carlos Monzón wa ku Argentina tinena mwacidule. Anagwetsa Nino Benvenuti ku Rome mu Novembala 1970, nateteza lamba maulendo 14 kufikira anasiya yekha mu 1977 wopanda womulanda. M'bwalo anali katswiri wosakanika. Kunyumba anali munthu wankhanza, ndipo mu 1988 anapha Alicia Muñiz, mai wa mwana wake, naweruzidwa kukhala m'ndende zaka 11. Anafa pa ngozi ya galimoto mu 1995. Amene amachula maulendo 14 aja ayenera kuchulanso dzina la maiyo.

Dziko lathu nalo lili ndi cala cake m'mbiri imeneyi. Lottie Mwale, amene anthu anamucha Gunduzani, anatenga mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch mu 1974, pa gulu la light middleweight. Mu 1978 ku Leicester anakumana ndi mnyamata wa kumeneko, Tony Sibson, amene anali asanagonjepo, namugwetsa mu ndime yoyamba. Sibson yemweyo mu 1980 analimbirana lamba wa Commonwealth wa middleweight ndi Chisanda Mutti wathu, napambana pa mapointi, ndipo mu 1983 anafika pomenyana ndi Hagler. Mwale anatenga lamba wa Commonwealth wa light heavyweight ku Lusaka mu 1979, ndipo mu 1980 anayesa wa dziko lonse ku San Diego, koma Matthew Saad Muhammad anamugwetsa mu ndime ya 4. Mutti naye anakwera gulu, ndipo mu 1985 ku Monte Carlo iye ndi Lee Roy Murphy anamenyana nthawi imodzi mu ndime ya 12 nagwa onse awiri. Murphy anadzuka woyang'anira asanathe kuwerenga, Mutti sanadzuke msanga, ndipo lamba unatsala m'manja mwa Murphy. Mwale anamwalira mu 2005 atadwala matenda onjenjemeretsa thupi a Parkinson.

Tafika tsopano pa Marvin Hagler, wa mutu wa mpala, womenya motsogoza dzanja lamanja monga acitira amanzere, ngakhale kuti anali kutha kusintha pakati pa ndime. Ngwazi za masiku amenewo zinali kumuzemba, kotero anamenya nkhonya pafupifupi 50 asanapatsidwe mwai wa lamba. Mwaiwo utabwera mu 1979, oweruza anati walingana mphamvu ndi Vito Antuofermo, cigamulo cimene ambiri sanakhutire naco. Pa 27 Seputembala 1980 ku Wembley anang'amba nkhope ya Alan Minter m'ndime zitatu, koma m'malo momuveka lamba, anthu okwiya anaponya mabotolo ndi zitini m'bwalo, ndipo anatuluka mozingidwa ndi apolisi. Lambayo anauteteza maulendo 12. Pokonzekera nkhonya anali kudzipatula ku Provincetown, m'mphepete mwa nyanja, nathamanga m'mawa uliwonse atavala nsapato zausilikali. Sibson anamuthera mu ndime ya 6, ndipo Roberto Durán anapita naye ndime zonse 15 mu 1983.

Ndime 15 zimenezi zinali kupita kumapeto. Mu Novembala 1982 mnyamata wa ku South Korea, Duk Koo Kim, anamwalira atagwa mu ndime ya 14 pomenyana ndi Ray Mancini, ndipo bungwe la WBC linacepetsa ndime kufika pa 12. Mabungwe ena anatsatira zaka za m'ma 1980 zisanathe. Akulu ena amadandaula kuti ndime zitatu zotsiriza zija ndizo zinali kusonyeza mwamuna weniweni. Ife tikuti anacita bwino kuzicotsa, pakuti m'ndime zimenezo munthu amakhala atauma madzi m'thupi, manja sakweranso kuti achinge mutu, ndipo ali ndi mai wake amene akumudikira.

Nkhonya imene aliyense amaikumbukira ndi ya pa 15 Epulo 1985 ku Las Vegas, pamene Hagler anakumana ndi Thomas Hearns. Hearns anali wamtali, wa mikono yaitali, ndipo dzanja lake lamanja linali litagwetsa Durán mu ndime yaciwiri caka capitaco. Hagler anali wozolowera kuyamba pang'onopang'ono, koma tsiku limeneli belu litangolira anathamangira mnzake, ndipo awiriwo anasinthana nkhonya mphindi zitatu zathunthu osapuma. M'ndime yomweyo Hearns anathyoka dzanja lamanja, Hagler nang'ambika pamphumi. Mu ndime yacitatu woyang'anira anaimitsa nkhonya kuti dokotala aone balalo. Hagler anazindikira kuti angalandidwe lamba cifukwa ca magazi, ndipo atamulola kupitiriza anamusaka Hearns kufikira anamugwetsa cagada. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana 8. Mu Malichi 1986 anakumana ndi John Mugabi wa ku Uganda, wa mendulo ya siliva ya ku Moscow mu 1980, amene nkhonya zake zonse anali atapambana asanafike kumapeto. Mugabi anaima nji, nabwezera nkhonya iliyonse, ndipo anagwa mu ndime ya 11. Ambiri amene anaonerera anati Hagler wa tsiku limenelo liwiro linali litayamba kumucokera.

Mmodzi wa amene anaona zimenezo anali Sugar Ray Leonard, amene pa zaka zisanu anali atamenya nkhonya imodzi cabe, ndiponso anali atacitidwa opaleshoni ya diso. Anapempha nkhonya, ndipo pokambirana anamusiyira Hagler ndalama zoculuka, iye natenga zinthu zitatu: bwalo lalikulu, magolovesi okulirapo, ndi ndime 12. Anakumana pa 6 Epulo 1987. Hagler anataya ndime zoyamba pomenya motsogoza dzanja lamanzere, mosiyana ndi cizolowezi cake. Leonard anali kuzungulira, kugwira, ndi kuponya nkhonya zambiri zopepuka pa masekondi 30 otsiriza a ndime, pamene maso a oweruza ndi a anthu ali cheru. Hagler anali kumulondola ndi nkhonya zocepa koma zolemera. Woweruza Lou Filippo anapatsa Hagler, 115 kwa 113. Dave Moretti anapatsa Leonard, 115 kwa 113. Wacitatu, Jo Jo Guerra, anapatsa Leonard 118 kwa 110, ngati kuti Hagler anapambana ndime ziwiri zokha, ndipo pamenepa ngakhale okonda Leonard amapukusa mitu. Ife titaionera filimuyo kangapo tili kumbali ya Filippo, ngakhale timvetsa amene ali kumbali ya Moretti.

Hagler sanabwererenso m'bwalo. Anasamukira ku Italy nayamba kusewera m'mafilimu, ndipo patapita zaka, atamuitana kuti abwereze ndi Leonard, anakana. Pa nkhonya zake 67 anapambana 62, analuza 3 ndi kulingana mphamvu pa 2. Anamwalira pa 13 Malichi 2021 ali ndi zaka 66.